Tsiku Limene Olemekezeka Katsabola Sanaimirire

Mukadzafika ku Dubai Mall cha m'ma leveni koloko m'mawa, mukayang'ane pa benchi yoyang'anizana ndi chigalasi chachikulu chosungiramo nsomba zamoyo. Mukapezapo mkulu wina wamfupi, wadazi lonyezimira, ali mu suti yabulauni ndi tayi, pamene kunja dzuwa likuwotcha ngati uvuni wa njerwa. Amenewo ndiwo a Stewart Katsabola. Mukawapatsa moni wa "bambo" amayankha ndithu, koma mochedwa, ngati foni ya kumudzi yosakira netiweki pachulu. Mukati "Olemekezeka", khosi limatembenuka lokha.

Ulemuwo si wongopeka ayi. Mkuluyu anakhalapo phungu wa Nyumba ya Malamulo zaka zisanu zathunthu. Anayamba ngati mphunzitsi wa pulaimale kwinakwake m'boma la Dowa, kenako hedimasitala, kenako mkulu wa mpingo, ndipo maudindo onsewa anawakonda pa chifukwa chimodzi: anali ndi poimirira n'kulankhula anthu ali chete. Atakwatira mayi Everlyn anakakhala chikamwini kwawo kwa mkazi monga mwambo unenera, ndipo zimenezo ankazinyadira kwambiri pagulu kusiyana ndi mmene ankazikondera kunyumba. Chipani chitawagwetsa pa mapulaimale, iwo anaima paokha, chizindikiro chawo lichero. Anapambana. Amiseche amati theka la ovota anali ana awo a sukulu akale, ndipo atangoona nkhope ija pa pepala lovotera, msana unakumbuka chikoti, dzanja n'kuchonga lokha.

Ku Lilongwe anawapatsa mpando wa kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo, koma mawu awo ankafika kwa Sipikala popanda chothandizira. Nkhani zawo zinali zitatu basi. Yoyamba, mathalauzi a amayi. Yachiwiri, achinyamata othawa khasu kupita kunja "kukatsuka mbale za eni". Yachitatu, imene inali pamtima penipeni, unkhoswe. Kaya kukambidwe za bajeti, kaya za feteleza, a Katsabola ankadzuka ndi pointi ofu oda yawo, n'kuzungulira nayo mpaka ikafike pa maukwati a masiku ano. Anabweretsa ngakhale ganizo loti boma lisamawerengere ukwati uliwonse umene nkhoswe yake si mtsibweni weniweni, mlongo wa mayi a mtsikanayo. Ganizolo linafera m'phwete la aphungu anzawo, koma kumudzi linawapatsa dzina. Pa msonkhano wina, munthu akujambula pafoni, anakweza chala m'mwamba nati: "Mbumba ili ndi mwini wake! Bambo woimirira kulankhula pa chinkhoswe cha mwana wake ndi tambala wolira m'khola la eni. Bambo akhale pansi, adye, azipita!" Amayi analulutira mpaka mbuzi zinathawa pabwalo.

Zaka zisanu zitatha, mlatho wa pa mtsinje wa kwawo unali ukadali mitengo iwiri yogoneka. Anapikisana ndi mtsikana wina, Edinah, amene anabwera ndi mijigo isanu ndi iwiri atavala jinzi. Anthu anayang'ana jinziyo, anayang'ana madziwo, nasankha madzi.

Tsono mayi Everlyn ali ndi mlongo mmodzi yekha, Ronnie, mzime wa m'nyumba mwawo. Nthawi ya uphungu ija Ronnie anapita kwa alamu akewo kukapempha kalata yomuthandiza kupeza pasipoti msanga, popeza anali atamva za ntchito ku Dubai. Kalata sanaipeze. Anapeza ulaliki wa maola awiri wonena za ubwino wa khasu. Anapita ndithu mwa njira zake, ndipo lero amayendetsa folokilifiti, kagalimoto ka mano awiri konyamulira katundu, m'chinyumba china chosungiramo matayala ku Al Quoz. Ndi Ronnie yemweyo amene pambuyo pake anakokera kuno Felista, mwana yekhayo wa a Katsabola, amene ndi namwino. Ndipo ndi Felista amene anaitanitsa makolo ake, bondo la bambo ake litayamba kuvuta. Anati akhala miyezi itatu. Chino ndi chaka chachinayi. Mukawafunsa za mbale za eni zija, a Katsabola amati iwo sanabwere kudzakhala, anabwera kudzaona momwe zinthu zilili, ndipo lipoti lawo akulembabe.

Chimene chinkawadya mumtima si kutentha, si mpunga wa tsabola, si mathalauzi amene amawerenga pa benchi paja mpaka kusokoneza nambala. Chinkawadya ndi kukhala chete. Chichokereni ku Nyumba ya Malamulo, pakamwa pawo panali pasanayandikirenso maikolofoni. Ku mapemphero a Amalawi anawapatsako kamodzi pemphero lotsekera. Kunotu holo imodzi mipingo imalandizana pa ola, ndiye pamene a Katsabola ankafika popempherera nduna imodziimodzi ndi unduna wake, Afilipino a mapemphero otsatira anali akugogoda chitseko magitala ali m'manja. Sanawapatsenso.

Kenako Felista anapeza munthu. Dzina lake Chiza, wa ku Chipata ku Zambia, injiniya wokonza malifiti m'nyumba zazitali za ku Business Bay. Ukwati unali wokachitikira kumudzi chaka chotsatira, koma chinkhoswe anagwirizana kuti chichitikire konkuno, chifukwa masiku a tchuthi onse awiri ndi owerengeka. A Katsabola nkhaniyi anaimva pomalizira, kuchokera kwa akazi awo, pakuti Felista anayamba wauza amalume ake monga mmene bambo ake anaphunzitsira dziko lonse. Anatuluka kukagula kope la hadikava. Sabata imodzi pa benchi ya nsomba ija, masamba khumi ndi limodzi anadzaza.

"Mukulembanji kodi, bambo a Felista?" anafunsa mayi Everlyn tsiku lina, akusita yunifolomu ya mwana wawo m'kafulati kawo ku Karama.

"Mawu ochepa chabe."

"Oti akanene ndani?"

"Funso lanulo lilibe mutu. M'banja muno wozolowera kuima pagulu ndani?"

"Mwini mbumba alipo. Ali ku Al Quoz."

"Ronnie?" A Katsabola anavula magalasi. "Munthu woti chiganizo chilichonse amayamba ndi yalla m'malo mwa tiyeni, kumaliza ndi khalas m'malo mwa basi? A ku Zambia adzati nkhoswe taitola pa siteji ya basi."

"Ameneyo ndinayamwa naye bere limodzi. Inu kwathu munabwera ndi sutikesi."

"Mayi a Felista, ine ndinakhalapo phungu."

"Ee, ndipo ine ndinakuvoterani. Koma mkamwini asamakule mwendo."

M'mawa mwake kanema uja wa tambala wolira m'khola la eni anatulukira pa gulu la WhatsApp la Amalawi a ku Dubai. Anaponya ndani, mpaka lero sizidziwika, ngakhale kuti sabata imeneyo mayi Everlyn ankaimba nyimbo za kwaya kukhitchini mokweza kuposa masiku onse. Anthu anathira tizithunzi toseka, ena ta atambala, wina n'kulemba kuti, "Olemekezeka, tidzakusungirani mpando wofewa."

Apa ndiye panavuta. Akaimirira, ndiye kuti zaka zisanu za uphungu wawo zinali phokoso chabe, pakuti chokhacho chimene anasiyira anthu ndi mawu amenewo, mlatho kunalibe. Akakhala pansi, ndiye kuti mwana wawo mmodzi yekhayo aperekedwa ndi yalla ndi khalas, iwo ali duu, masamba khumi ndi limodzi akuwotcha m'thumba.

Koma wandale ndi wandale. Anaganiza kuti ngati mwini mpando atula yekha udindo n'kupempha wina amugwirire, palibe lamulo limene lathyoledwa. Choncho Lamlungu masana, tsiku limene Ronnie amapuma, anakwera sitima ya metro, natsika, nakwera basi, mpaka ku Al Quoz kumene mthunzi ulipo ndi wa malole okha. Anafika ku kampu ya ogwira ntchito suti itamata pamsana. M'chipinda cha Ronnie munali mabedi asanu ndi limodzi osanjikizana, ndipo amuna awiri amene anali chigonere anadzambatuka ataona tayi, poganiza kuti kwabwera woyendera.

"Alamu! Onolebo eniake ku kampu?" Ronnie anaseka akupukuta manja. "Yalla, khalani apa, bedi ili ndi langa. Samalani mutu, la pamwambalo ndi la bhai, m'bale wathu wa ku Nepal."

Anathamanga kukagula tiyi wamkaka wotchedwa karak m'tizikapu ta pepala. A Katsabola anapsontha kamodzi, nakonza pakhosi, nayamba kutali monga mwa nthawi zonse. Ananena za kulemera kwa udindo. Ananena kuti mtsogoleri wanzeru amadziwa nthawi yogawira ena ntchito. Anali atangofika pa Mose ndi apongozi ake m'chipululu pamene Ronnie anakweza dzanja.

"Alamu, musavutike ndi kampeni. Voti yanga mwaitenga kale. Kalankhuleni ndinu."

A Katsabola anaika kapu pansi. Anali atakonzekera otsutsa, ndipo mayankho onse anali nawo m'mutu motsatana.

"Ine ndinachoka kumudzi ndili ndi zaka twente-thuu," anapitiriza Ronnie, akuyang'ana m'kapu. "Ku zinkhoswe ndinkangopitira mpunga ndi kuvina. Sindidziwa kuti amayamba ndi chiyani, amathera pati. Chindiuzireni Felista nkhaniyi mutu sukugwira. Dzana ndinatsala pang'ono kutsitsira matayala pa foromani. Ndikakaima pamaso pa anthu aja ndikamuchititsa mwana manyazi. Tidzangoti amalume adwala pakhosi, khalas. Paja munanena kale kuti ife otsuka mbale za eni palibe cha kwathu chimene chimatsala m'mutu. Munalondola, alamu."

Ananena mopanda mkwiyo, ndipo n'chimene chinapweteka. A Katsabola anamuyang'ana mlamu wawoyo bwinobwino koyamba pa zaka zambiri. Ndevu zinali zitayamba imvi. Pakhoma la pa bedi pake panali chithunzi cha Felista tsiku lomaliza sukulu ya unamwino, chomatidwa ndi selotepi imene inali itasanduka yachikasu. Mpando anali ataupeza popanda wopikisana naye, chinthu chimene phungu aliyense amalota. Koma m'kati mwa phunguyo munali mukadali hedimasitala, ndipo palibe chimene chimakwiyitsa hedimasitala ngati munthu wonena kuti sangathe.

"Imirira."

"Alamu?"

"Ndati imirira!" Ulemu wa chilamu unathera pomwepo. "Manja atuluke m'thumba. Chifuwa kutsogolo. Usayang'ane nsapato, nsapato sizikwatira. Nena: Zikomo akuluakulu, eni mudzi ndi alendo."

"Zikomo akuluakulu, eni mudzi ndi alendo, yalla..."

"Yalla wakoyo umusiye pa folokilifiti! Bwereza!"

Anazindikira ali kale mu sitima yobwerera kuti anapita kukalanda mpando, koma abwerako ali mkulu wa kampeni ya mdani wawo.

Malamlungu anayi otsatizana anapita ku Al Quoz. Bhai wa ku Nepal uja ankakhala m'malo mwa akuchimuna, ndipo pofika sabata yachitatu ankatha kunena "zikomo akuluakulu" bwino kuposa Ronnie. Masamba khumi ndi limodzi aja anadulidwa mpaka kutsala awiri, chifukwa Ronnie amanyamula matani awiri pa folokilifiti koma m'mutu mwake mumangokwana masamba awiri, ndipo ngakhale awiriwo ankatayikira m'mbali. Tsamba lililonse lochotsedwa a Katsabola ankalimva ngati dzino lozulidwa popanda jakisoni. Mbiri ya chikamwini inapita. Ndime yonse ya mathalauzi inapita. Koma sanataye kanthu. Kope lonse linkagona m'thumba la jekete, kuchitira mwina.

Tsikulo linafika, Loweruka masana, m'kaholo kena ka hotela ku Business Bay kamene anapeza ndi Mmalawi wina woyang'anira oyeretsa pamenepo. Amayi ogwira ntchito m'nyumba za eni anapempha maola atatu, nafika ndi zitenje m'zikwama, kukavalira kubafa. Nkhuku zamoyo zoti ankhoswe asinthane kunalibe kozitenga, ndiye anagula ziwiri zowotcha pa kafeteriya. A Katsabola anaziyendera mozungulira, manja kumbuyo, nagamula kuti yaikuluyo ndiye tambala. Nkhwangwa yoti apatse mkamwini alonda anaikaniza pa geti, moti inatsala pa desiki yawo itamangidwa kapepala ka nambala ngati ambulera.

Woyamba kulankhula anali nkhoswe ya kuchimuna, ba Godfrey, akauntanti wamtali wa mawu osalala ngati batala.

"Ise tabwela na nkhani imodzi chabe," anatero. "Mwana wathu Chiza anaona luwa pa nyumba panu. Sanathyole, cifukwa tinamulela bwino. Manje tabwela kukamba na bene bake."

Anthu anawomba m'manja. A Katsabola, ali pa mpando wofewa uja anawalonjeza, anamupatsa seveni pa teni mumtima.

Kenako Ronnie anaimirira, ali mu suti yachiwiri ya alamu ake imene manja ake ankathera pakati pa mkono. Anagwira maikolofoni ngati chiwongolero.

"Zikomo akuluakulu, eni mudzi ndi alendo," anayamba bwino ndithu. Kenako anayang'ana anthu, anthu anamuyang'ana, ndipo masamba awiri aja anauluka. Anayang'ana nsapato. M'holo munangotsala kulira kwa eyakoni. Kutsogolo, Felista anali atafunditsidwa chitenje kumutu monga mwa mwambo, ndipo chimene chinkaoneka ndi zala zake zokha, zikupotokola mphonje ya nsaluyo.

Woyendetsa mwambo anali Tiwale, mtsikana wogwira ntchito m'ndege, wozolowera kuthamangira pamene pavuta. Anatenga maikolofoni yachiwiri nagwada nayo pamaso pa a Katsabola.

"Olemekezeka, tipulumutseni."

Mafoni onse m'holomo anakwera m'mwamba nthawi imodzi ngati mapesi a chimanga. Maikolofoniyo inali pafupi moti ankamva fungo la chitsulo chake. Kope linali m'thumba. Ndipo bondo lija, lovuta lomwe lija limene madokotala a ku Dubai alilephera zaka zinayi, linayamba kuwongoka lokha.

A Katsabola anagwira mpando ndi manja onse awiri, ngati munthu wokwera matola pa msewu wa mabampu.

"Chotsani chimenecho, mwana wanga," anatero. Ndiyeno anapendekera kwa Ronnie nanong'ona: "Mwana amene mukumunenayo ndi wathu ndithu."

Tsoka lake, kunong'ona kwa a Katsabola ndi kwa munthu amene ankamveka kwa Sipikala ali pa benchi ya kukhomo. Holo yonse inamva, mpaka operekera zakumwa kumbuyo.

"Mwana amene mukumunenayo ndi wathu ndithu," anabwereza Ronnie.

"Tinamulera ndi manja awiri."

"Tinamulera ndi manja awiri."

Chiganizo chilichonse anthu ankachilandira kawiri, choyamba kuchokera pansi, kenako kuchokera pa sipika. Amayi ena anali ataluma zitenje. Ba Godfrey ankayang'ana kudenga, mapewa akugwedezeka. Pa chiganizo chachisanu a Katsabola ananong'ona kuti, "Monga ananenera makolo athu akalekale," koma Ronnie sanabwereze. Anatambasula dzanja kumbuyo ngati woimitsa lole.

"Khalas, alamu. Ndafika pa tala."

Anatembenukira kwa akuchimuna.

"Mwana uyu ndinakamulandira ndine pa eyapoti, ali ndi chikwama chimodzi ndi Baibulo la amayi ake. Miyezi sikisi yoyamba ankandilirira pafoni kuti akufuna kubwerera. Ine ndinkangoti pirira, inshallah zikhala bwino, chonsecho nanenso ndikulira kuseri kwa matayala. Tsiku lina ndinathyoka chala kuntchito. Kuchipatala amene anandimanga ndi yemweyu, akundikalipira ngati bambo ake. Ndiye inu a Chiza, mwatenga munthu wodziwa kumanga bala, wodziwanso kukalipa. Zonse ziwiri mudzazifuna. Mukayambana musathamangire pa WhatsApp, pamenepo pali afiti. Al Quoz si kutali, ndimaweruka sikisi koloko, tiyi ndigula ndine. Koma mukadzamuliza mwana ameneyu, mukumbukire kuti ine ndimanyamula matani awiri."

Nthungululu zinang'amba holo. Chiza anawerama mpaka chipumi kugunda tebulo. Ronnie anadikira phokoso lithe, ngati munthu amene wakhala akuchita zimenezi moyo wake wonse.

"Chomaliza. Inu a ku Zambia simungadziwe kukula kwa mphatso imene mwalandira lero. Mwana tikupatsani, inde. Koma taonani apo. Bambo ake akhala pansi."

Apa ndiye anthu anagwa m'mipando. A Katsabola anakhala chiwongokere, nkhope ili gwa. M'mawu onsewo munalibe mwambi ngakhale umodzi, makolo akale sanatchulidwe, ndipo zolakwika anawerenga zitatu. Anatulutsa kampango napukuta m'maso, akudandaula kwa mayi Everlyn kuti eyakoni ya m'mahotela imawuma kwambiri.

Nkhuku zinasinthidwa, ankhoswe anadyetsana, chitenje chinavundukulidwa. Pa gulu la WhatsApp mlandu unayamba anthu asanatuluke n'komwe m'holo: ena ankati Olemekezeka alankhula, ena ankati kunong'ona si kulankhula, ndipo chachikulu n'chakuti sanadzuke pa mpando. Mwini wake ankati nkhaniyo ndi yosafunika kukambirana, koma ankawerenga uthenga uliwonse foni ataibisa pansi pa tebulo.

Anthu akudya, Felista anabwera nagwada pambali pa mpando wofewa uja.

"Adadi, zikomo."

"Wathokoza chiyani? Ndi bondo linakana."

"Ee, bondo." Anawagwira dzanja. "Amalume akuti zimene munalemba zinali zambiri, iwo anangotengako pang'ono. Mudzandiwerengere kunyumba. Zonse."

A Katsabola anakhudza thumba la jekete, nayang'ana kumbali.

"Ndi masamba khumi ndi limodzi, mwana wanga. Ndipo pali zina zofunika kufotokozera."

"Mawa ndili ofu tsiku lonse."

Mayi Everlyn anaika foloko pansi.

"Ine mawa ndili ndi ulendo," anatero.